Caldwell House: Nyumba ya Kalaliki Imene Inalera Atsikana a ku Singapore

Mu Ogasiti 1852, wansembe wina wa ku France, Bambo Jean-Marie Beurel, anapisa m'thumba mwawo n'kutulutsa mafranki 4,000, nagula nyumba yosanja imene inali pamphambano ya misewu ya Victoria Street ndi Bras Basah Road, m'tauni ya Singapore. Anagulira masisitere oti adzatsegule sukulu ya atsikana. Chodabwitsa n'chakuti pa tsiku limene ankagulalo, pachilumba chonsecho panalibe sisitere ndi mmodzi yemwe. Nyumbayo inakhala chidikirire eni ake kwa chaka ndi theka.

Nyumbayo ikadalipo, ndipo ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri zimene zatsala mumzindawo. Kuti timvetse mmene nyumba ya wantchito wa boma la atsamunda inasandukira sukulu ya Akatolika, tiyambire pa tauni imene inamangidwamo.

Singapore ndi chilumba chimene chili kunsonga kwenikweni kwa dziko la Malaya, pampata pamene zombo zochokera ku India zimadzera popita ku China. Mu 1819, Stamford Raffles anakhazikitsapo doko m'dzina la kampani ya Angerezi yotchedwa East India Company. Popeza padokolo sankalipiritsa msonkho wa katundu, amalonda anakhamukirapo: Matchaina, Amwenye, Aluya, Amalaya, anthu a ku Armenia ndi Azungu. Raffles anafuna kuti mtundu uliwonse ukhale kwaokha. Mapulani a tauni amene analembedwa mu 1822 anaika Matchaina tsidya lina la mtsinje, mfumu ya Amalaya ndi anthu ake ku Kampong Glam, ndipo Azungu anapatsidwa malo a chidikha pafupi ndi maofesi a boma. Victoria Street inali m'dera la Azunguli.

Mmisiri wolemba mapulani a nyumba amene ankamveka kwambiri masiku amenewo anali George Drumgoole Coleman, wochokera ku Drogheda m'dziko la Ireland. Ndiye analemba mapulani a nyumba ya wamalonda John Maxwell mu 1827, imene pambuyo pake inadzakhala nyumba ya malamulo, komanso a tchalitchi cha anthu a ku Armenia cha mu 1835. Kuyambira mu 1833 Coleman anali mkulu woyang'anira zomangamanga za boma, ndipo m'manja mwake munalinso akaidi amene Angerezi ankawatenga ku India kudzalima misewu ndi kukwirira madambo. Ndende ya akaidiwo inali mumsewu womwewo wa Bras Basah.

Pakati pa 1840 ndi 1841, Coleman anamangira nyumba H. C. Caldwell, kalaliki wamkulu wa kukhoti. Kamangidwe kake kanali kotengera nyumba zakale za Agiriki ndi Aroma, monga mmene Angerezi a nthawiyo ankakondera: nsanamira zolunjika, mazenera otalika ofanana mbali zonse, makoma a njerwa opakidwa njereza. Koma Coleman ankadziwa kuti ku Singapore kumatentha ndi kugwa mvula chaka chonse, choncho anakweza denga, nakulitsa mazenera kuti mphepo izipita. Chizindikiro cha nyumbayi ndi mbali yake yakutsogolo imene inatulukira kunja mozungulira ngati theka la nkhokwe, kuchokera pansi mpaka m'chipinda cham'mwamba. Aliyense wodutsa pamsewu ankadziwa kuti mwini wake ndi munthu wa udindo.

Caldwell sanakhalitsemo. Patangopita zaka pafupifupi 11 anaigulitsa, ndipo mu 1856 anachoka ku Singapore mozemba zitadziwika kuti ndalama za anthu zimene anasungitsidwa sizikuoneka. Anakatulukira ku Hong Kong, kumene anakagwira ntchito ya uloya. Coleman anali atamwalira kale mu 1844, naikidwa m'manda a paphiri la Fort Canning. Masisitere anadzakhala m'nyumbayo zaka pafupifupi 130, komabe dzina limene linakanirira pakhomopo ndi la kalaliki wothawayo. Mayina a nyumba amakonda kutsata mwini chikalata woyamba, ngakhale thukuta litakhala la ena.

Wansembe wosatopa ndi ulendo wa masisitere

Bambo Beurel anali a chipani cha ansembe a mishoni cha ku Paris, ndipo anafika ku Singapore mu 1839 ali ndi zaka 26. Ndiwo anayendayenda kupempha ndalama zomangira tchalitchi cha Good Shepherd, chimene chinatsegulidwa mu 1847 tsidya lina la Victoria Street, ndipo lero ndicho tchalitchi cha episkopi. Tchalitchi chitatha, mtima wawo unatembenukira ku sukulu. Aprotestanti anali atayamba kale: Maria Dyer anatsegula sukulu ya atsikana a Chitchaina mu 1842, ndipo sukulu ya atsikana ya Raffles inayamba mu 1844. Bambo Beurel anaona kuti mpingo wopanda sukulu udzakhala ukungoyang'ana ana ake akuphunzitsidwa ndi ena.

Mu 1850 anabwerera ku France kukafuna aphunzitsi. Anapeza mabulazala a De La Salle oti aphunzitse anyamata, ndi masisitere a chipani cha Mwana Yesu oti aphunzitse atsikana. Chipani chimenechi anachiyambitsa ndi Bambo Nicolas Barré mumzinda wa Rouen m'zaka za m'ma 1660, ndi cholinga chophunzitsa ana a amphawi popanda malipiro. Kwa zaka pafupifupi 200 masisitere ake anali asanatumidwepo kutali chotero.

Ngalande ya Suez inali isanakumbidwe, ndiye chombo chawo chinazungulira kumwera kwa Africa, ulendo wa miyezi ingapo. Amayi aakulu a kagulu koyambako anamwalira panyanja. Otsalawo atafika mu 1852, Episkopi Jean-Baptiste Boucho anawatumiza ku Penang, chilumba china cha kumpoto. Mabulazala anatsegula sukulu yawo ya St Joseph's Institution chaka chomwecho, koma ya atsikana inalephereka. Apa m'pamene Bambo Beurel anagula nyumba ya Caldwell. Ankadziwa kuti pempho la munthu amene wakonza kale pogona alendo ndi lovuta kulikana.

Amene anadzatsegula chitsekocho ndi Mayi Mathilde Raclot, mwana wa m'mudzi wa Suriauville kum'mawa kwa France, wobadwa mu 1814. Anafika ku Penang chakumapeto kwa 1852 kudzalimbitsa kagulu kamene kanatsala kopanda mtsogoleri. Pa 5 Febuluwale 1854 anatsika padoko la Singapore pamodzi ndi masisitere ena atatu. Mbiri imene chipanicho chimasunga imati m'nyumba yonse ya kalaliki uja anapezamo bedi limodzi, mikeka iwiri, timipando tiwiri ndi poto mmodzi wophikira chilichonse. Patangotha masiku 10 anayamba kuphunzitsa. Ana oyambirira anali 14 olipira ochokera kunyumba, 9 ogonera pomwepo, ndi amasiye 16.

Manambala atatuwa akusonyeza mmene konventi, nyumba ya masisitereyo, inkayendera kwa zaka zambiri zotsatira. Ndalama za ana a amalonda ndi a ogwira ntchito m'boma ndizo zinkagula mpunga wa ana amasiye. Zikaperewera, masisitere ankagwira singano: ankasoka ndi kupeta nsalu, n'kumagulitsa kwa amayi a mabanja olemera a m'tauni. Chipinda chozungulira cham'mwamba chija, chimene Coleman anachikonzera kalaliki ndi alendo ake, chinasanduka pokhala masisitere posoka, powerenga ndi polemba makalata opita kwawo. Kuwala kwa mazenera ataliatali kunathandiza maso a osoka.

Tisaganize kuti ana onse ankakhala mofanana. Kunali kalasi ya olipira ndi kalasi ya amasiye ndi osauka. Olipira ankaphunzira Chingerezi, Chifalansa, nyimbo ndi zina zoyenera mwana wa banja lopata. Amasiye ankathera nthawi yambiri pa kusoka, kuchapa, kuphika ndi kulera makanda. Magulu a anthu amene atsamunda anawasiyanitsa kunja kwa mpanda analowa nawo m'katimo. Chimene chinali chachilendo pa nthawiyo n'chakuti mpanda umodzi unkasunga mwana wa Mzungu, wa Mtchaina, wa Mmwenye ndi wa makolo a mitundu iwiri, ndipo onse ankamva belu limodzi.

Mayi Mathilde anali munthu wa chuma ndiponso wa maso patsogolo. Pang'ono ndi pang'ono anagula malo oyandikana nawo, namanga tchalitchi chaching'ono mu 1855, kenako nyumba zogona ndi za ana amasiye. Ku Penang nako, mu 1859, masisitere a chipani chomwecho anagula nyumba yakale ya boma imene inamangidwa m'masiku a Francis Light, naisandutsa sukulu yodziwika kuti Convent Light Street. Nyumba za akuluakulu a atsamunda zinali zazikulu mokwanira kusunga ana makumimakumi, ndipo eni ake ankabwera n'kupita, pamene masisitere ankabwera kudzakhaliratu. Mu 1872 Mayi Mathilde anatsogolera masisitere oyamba kupita ku Japan, ndipo anamwalira ku Yokohama mu 1911 ali ndi zaka 96. Bambo Beurel anamwalira ku Paris mu 1872.

Kachipata ka pambali

Kumbali ya Victoria Street, pafupi ndi mphambano, mumpanda wa konventi muli kachitseko kakang'ono kamene anthu amakatcha Chipata cha Chiyembekezo. Pamenepa m'pamene amayi osowa pogwira ankasiya makanda, kawirikawiri usiku kapena m'bandakucha, atawakulunga m'nsalu, m'manyuzipepala kapena kuwaika m'dengu. Masisitere ankayang'anapo m'mawa uliwonse.

Ambiri mwa makandawo anali aakazi. Zifukwa zake zinali umphawi wa anthu ogwira ntchito zakalavulagaga padoko, imfa za amayi pobereka, kulumala kwa mwana, ndiponso mwambo woika mwana wamwamuna patsogolo. Panalinso chikhulupiriro china. Kalendala ya Matchaina imazungulira zaka 12, chaka chilichonse ndi nyama yake, ndipo ena ankati mtsikana wobadwa m'chaka cha nyalugwe amabweretsa tsoka pabanja ndipo adzavuta kukwatiwa. Zaka monga 1902, 1914, 1926 ndi 1938 zinali za nyama imeneyo, ndipo m'zaka zotero pachipatapo pankachuluka ana.

Makanda ambiri ankafika atadwala kale kapena atafooka ndi njala, ndipo ochuluka sanakhalitse. Masisitere ankawabatiza, kuwapatsa dzina ndi kuwaika m'manda mwaulemu. Opulumuka ankakulira mumpandamo. Atakula, ena ankakwatiwa ndi anyamata a Chikatolika amene ankabwera kudzafunsira mbeta kwa amayi aakulu, ena ankapeza ntchito, ena ankatsalira pakonventi moyo wawo wonse akugwira ntchito ya kukhitchini ndi kochapira. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa Victoria Street mawu otere ankatanthauza kugula mkaka, kuchapa matewera ndi kuchezera usiku ndi khanda la munthu amene sudzamuona nkhope.

Tchalitchi cha Bambo Nain

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, tchalitchi cha mu 1855 chija chinali chitaonongeka moti masisitere ankachita kuoloka msewu kukamva Misa ku Good Shepherd. Wansembe wina wa luso la zomangamanga, Bambo Charles Benedict Nain, analemba mapulani a tchalitchi chatsopano. Chinatha mu 1903 ndipo chinadalitsidwa mu Juni 1904. Ndi cha kamangidwe ka matchalitchi akale a ku France: nsanja yosongoka, zipata ndi mazenera osongoka pamwamba, denga lokwera kwambiri. Magalasi amitundumitundu a m'mazenera anachokera ku Bruges m'dziko la Belgium, kwa mmisiri Jules Dobbelaere. Pamitu ya nsanamira 648 za m'tchalitchimo ndi m'makonde ake anajambulapo maluwa, masamba ndi mbalame za kumaiko otentha.

Kuyambira pamenepo nyumba ya Caldwell inaoneka yaing'ono pambali pa nsanja ya tchalitchi, koma inakhalabe pakhomo polandirira alendo ndi pokhala masisitere. Sukulu inkakulirakulira. Popeza boma ndi makolo ankafuna maphunziro a m'Chingerezi, chipanicho chinatsegula nyumba ku Drishane m'dziko la Ireland mu 1909, ndipo kuchokera kumeneko kunabwera masisitere ambiri a Chiairishi. Mu 1931 konventi inagula nyumba za hotela yoyandikana nayo ya Van Wijk, ndipo mu 1933 munatsegulidwa sukulu ya St Nicholas yophunzitsa atsikana m'Chitchaina. Apa n'kuti mdadada wonse, kuchokera msewu uno kukafika msewu winawo, uli m'manja mwa masisitere. Masukulu ena a chipanicho atayamba kutsegulidwa m'madera monga Katong, anthu anayamba kuitchula ya pa Victoria Street kuti Konventi ya m'Tauni.

Zaka za nkhondo

Pa 15 Febuluwale 1942 Angerezi anagonja kwa asilikali a Japan. M'masiku omaliza a kumenyanako mabomba anagwera mumpanda wa konventi naononga zina mwa nyumba zake. Olamulira atsopanowo anasintha dzina la chilumbacho kukhala Syonan, ndipo sukulu inatsegulidwanso pansi pa ulamuliro wawo ndi dzina lopanda chizindikiro cha mpingo, Victoria Street Girls' School. Masisitere anauzidwa kuvala kansalu pamkono kosonyeza kuti si Angerezi, ndiponso kuphunzira Chijapani kuti aziphunzitsa ana.

Chakudya chitayamba kusowa m'tauni, Ajapani anaganiza zosamutsa anthu kuti akalime okha. Kuyambira kumapeto kwa 1943, Akatolika ambiri anatumizidwa ku Bahau, m'nkhalango za ku Negeri Sembilan m'dziko la Malaya. Masisitere pafupifupi 40 anapita nawo, pamodzi ndi ana amasiye. Anthu a m'tauni amene sanagwirepo khasu anapatsidwa nthaka yosabereka ndi madzi oipa, pamalo odzaza udzudzu. Malungo ndi njala zinapha anthu mazanamazana. Episkopi Adrien Devals, amene anatsogolera anthuwo, anamwalira mu Januwale 1945 ndi kafumbata atadzitema ndi khasu kuphazi. Nkhondo itatha m'chaka chomwecho, otsala anabwerera ku Victoria Street, ndipo sukulu inatenganso dzina lake.

Tauni ikula, sukulu isamuka

Singapore inakhala dziko loima palokha mu 1965. Boma latsopano linayamba kumanga midadada ya nyumba zosanjikizana kunja kwa tauni yakale, ndipo mabanja amene ankathithikana m'tizipinda ta pamwamba pa masitolo anasamukira kumeneko. Umphawi utachepa ndiponso zipatala ndi maofesi osamalira anthu atachuluka, makanda osiyidwa pachipata anacheperachepera. Pakati pa tauni panasanduka malo a mabanki, mahotela ndi masitolo aakulu, ndipo mtengo wa malo unakwera koopsa. Konventi inapezeka itazingidwa ndi phokoso la magalimoto, pamene ana ake ambiri ankachokera kutali.

Mu 1983 boma linatenga malowo. Misa yomaliza inachitika pa 3 Novembala 1983, kenako tchalitchi chinachotsedwa pa ntchito ya mapemphero. Mu Disembala sukulu inasamukira ku Toa Payoh, limodzi mwa madera atsopano aja. Ya St Nicholas inakakhazikika ku Ang Mo Kio. Mbali ina ya nyumba za sukulu inagwetsedwa kuti pamangidwe likulu la sitima zapamtunda za mumzindawo.

Zotsalazo zinapulumuka. Pa 26 Okutobala 1990, boma linalengeza kuti nyumba ya Caldwell ndi tchalitchi chija ndi chuma cha fuko chosayenera kugwetsedwa. Amisiri anatha zaka zoposa zisanu akukonza makoma, matabwa, nsanamira ndi magalasi a Dobbelaere, ndipo mu 1996 malowo anatsegulidwanso ndi dzina lakuti CHIJMES. Mu 2002 bungwe la UNESCO linapereka mphoto chifukwa cha kukonza kwabwinoko. Tsopano m'makonde mmene munkafola ana muli malesitilanti ndi malo omwera. M'tchalitchi muja ndi m'chipinda cham'mwamba cha nyumba ya Caldwell mumachitikira maukwati ndi maphwando, ndipo ukwati wa mufilimu ya Crazy Rich Asians ya mu 2018 anaujambulira mmenemo.

Si onse amene zimawakomera. Kwa amayi amene anaphunzira pamenepo, ndi kwa amene analeredwa kuchokera pachipata chija, malowo ndi kwawo, ndipo kuona mowa ukugulitsidwa pamene ankapempherera kumawawa. Mu 2012, phwando la dansi limene analikonza m'tchalitchimo pa Loweruka Loyera, nalilengeza ndi zithunzi za atsikana ovala ngati masisitere, linalephereka Akatolika atadandaula. Ena amayankha kuti popanda malonda amenewa ndalama zosamalira nyumba zakale chotero sizikanapezeka, ndipo mwina bwenzi pamalopo pataima nsanja ya maofesi. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Lamulo loteteza nyumba limatha kusunga njerwa, denga ndi magalasi, koma silingalamule zimene anthu azichita m'katimo.

Masisitere eni ake sanamangirire mtima pa makoma. Chipani chawo chinayambira pa kutsata ana kumene ali, ndipo ana a Singapore atasamukira ku midadada yatsopano, sukulu inawalondola. Lero m'dzikomo muli masukulu 11 a chipani cha Mwana Yesu, a pulayimale ndi a sekondale, ndipo atsikana ake amadziwika ndi yunifolomu ya buluu yovala pamwamba pa bulauzi yoyera. Masisitere atsala ochepa. Aphunzitsi ndi akulu a masukuluwo tsopano ndi anthu wamba, ambiri mwa iwo amayi amene anaphunzira m'masukulu omwewo. Ana amene amaphunziramo ndi a zipembedzo zosiyanasiyana, ndipo sipakhalanso kalasi ya olipira ndi kalasi ya amasiye.